Malo a M Wachiwiri

Bambo anga sajambula maluwa. Ntchito yawo ndi yolemba zikwangwani, ndipo kuyambira ndili wamng'ono ndakhala ndikuwamva akunena kuti duwa pa chikwangwani ndi bodza la mmisiri amene walephera kuyeza. Amati ukaona kaduwa kapena kanyenyezi kumapeto kwa mawu, uzidziwa kuti mnzathuyo malo anamutsalira, ndiye akuphimba manyazi ake. Choncho tsiku limene ndinalowa m'kashedi kawo kuseri kwa nyumba kukatenga tsache, n'kupeza thabwa latsopano litatsamira khoma lili ndi duwa lofiira kumapeto, ndinangoima pakhomo, tsache lomwelo n'kuliiwala.

Duwalo linali lokongola, ndisaname. Zilembo nazo zinali zowongoka ngati masiku onse, zoyera pa thabwa labuluu, penti wake asanaume bwino. Ndinawerenga kamodzi. Ndinawerenganso ndikuloza ndi chala. ACCOMODATION. M mmodzi yekha.

Mwina wina anganene kuti nanga vuto lili pati, popeza mawu amenewa amalakwitsa ndi aliyense. Ndi mawu a Chingerezi otanthauza malo ogona kapena okhala, amene timawaona pa nyumba za alendo aja, ndipo kalembedwe kake koyenera ndi ACCOMMODATION, ma C awiri ndi ma M awiri. Anthu ambiri amataya chilembo chimodzi, ena ziwiri. Koma osati bambo anga. Amenewa ndi mawu oyamba a Chingerezi amene anandiphunzitsa, ndisanadziwe n'komwe kulemba dzina la sukulu yathu. Ankandikhazika pa chitini cha penti n'kumati, "Iyi ndi nyumba ya alendo, Kadontho. Afika a C ndi akazi awo, afika a M ndi akazi awo. Usathamangitse mlendo. Aliyense umupatse chipinda chake."

Kadontho ndi ine. Ntchito yoyamba imene anandilola kugwira inali yoika timadontho pamwamba pa zilembo zazing'ono, ndiye dzina linayambira pomwepo. Mayi amati linandikhala chifukwa ndine wamfupi komanso pamene andiika ndimangokhala pomwepo phee. Sakunama. Kusukulu ndinkadziwa mayankho ambiri koma mkono wanga sunkakwera. Tsopano ndinamaliza, ndili pakhomo kudikira zotsatira za mayeso, ndipo kulankhula kukundivutabe. Mawu ndimawakonza bwinobwino m'mutu, akafika pakhosi n'kukakamira.

Bambo sayamba ntchito ndi bulashi. Amayamba n'kuwerenga zilembo pa zala, kenako amatenga tepi n'kuyeza thabwa, kenako ulusi wopaka choko umene amaukunga n'kuuombetsa kuti usiye mzere. Akatero amagawa malo a chilembo chilichonse, ndipo malowo amawatchula kuti zipinda. Nditasendera pafupi ndi thabwa lija ndinaona kuti mizere ya choko ikuonekabe pang'ono. Ndinawerenga zipinda. Zinalipo khumi ndi zitatu, monga mmene ziyenera kukhalira. Zilembo zinali khumi ndi ziwiri. M'chipinda chotsalacho ndi mmene munali duwa.

Chaka chathachi aphunzitsi athu a Chingerezi, mayi wina wokonda kufukula mawu ngati mbatata, anatifotokozera kumene mawuwa anachokera. Anati ndi a Chilatini, ndipo anamangidwa ndi zidutswa zitatu. Choyamba ndi ad, chimene chimaloza kumene chinthu chikupita. Chachiwiri ndi com, kutanthauza pamodzi. Chachitatu ndi modus, kutanthauza muyeso. Ndiye tanthauzo lake lakale linali kukonza chinthu kuti chikwanirane ndi chinzake, malo kuti amukwane munthu. Anati d wa mu ad uja atakumana ndi c analolera kusintha n'kukhala c nayenso, n'chifukwa chake ma C alipo awiri. Ma M nawo, wina ndi womaliza wa com, wina ndi woyamba wa modus.

Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba chothamanga, chinthu chimene sindichita kawirikawiri. Ndinawapeza bambo akutsuka mabulashi, ndipo ndinawafotokozera zonse mpweya uli m'mwamba. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mkono wa ovolosi.

"Ndiye kuti si mwamuna ndi mkazi wake?"

"Ayi. Wina ndi wa pamodzi, wina ndi wa muyeso."

"Aa, iwe Kadontho, wandithetsera banja la anthu! Komabe wa muyesoyo ndi m'bale wanga ameneyo. Ndimadziwa ine kuti m'mawu amenewa muli mmisiri."

Anakhala sabata yonse akufotokozera aliyense wobwera kushedi, ngakhale amene anangobwera kudzabwereka nyundo. Munthu wotere sangaiwale M wachiwiri chifukwa chothamanga.

Tsiku lija m'shedi, ndisanaganize chochita ndi duwalo, ndinamva makiyi akulira panja. Anali a Makiyi, eni ake a nyumba ya alendo yosanjikiza ya kumsewu waukulu, amene anaitanitsa chikwangwanicho. Aliyense amawatchula choncho chifukwa amayenda ndi mtolo wa makiyi m'chiuno, moti umawamva asanaonekere. Analowa ndi bambo m'shedi, ine n'kudzipanikiza pakona.

"Amisiri! Zamaluwa mwayamba liti? Mwagwa m'chikondi kapena?"

"Ukalamba, bwana. Munthu umayamba kufewa mtima," anatero bambo akuseka, koma maso awo sanali pa thabwalo.

"Ayi, izi ndiye zinthu. Mlendo akangoona duwali tulo tizimuyambira pamsewu pomwepo. Ndiye mverani, khoma lija lam'mwamba, loyang'ana kumsewu, mundilembere chimodzimodzi. Zilembo zazikulu ngati chitseko, zoti basi yodutsa iziwerenga. Ndi duwa lomwe, musalisiye. Loweruka lino mutha? Thabwali mubwera nalo tsiku lomwelo."

"Loweruka ndili komweko."

A Makiyi anatembenuka n'kundiona. "Nanga wophunzira wathuyu akuti bwanji? Mwana wa amisiri, Chizunguchi chili bwino apa? Usatiope, ife sukulu tinaidutsa pawindo."

Bambo anandiyang'ana, ndipo mmene anandiyang'anira sindinawaonepo. Sanali kundiopseza ayi. Anali ngati mwana amene wapereka kope kwa aphunzitsi. Ine ndinagwedeza mutu kuvomera, maso ali pansi pamene panadonthera penti wakale.

"Mwaona, wavomereza wophunzira," anatero a Makiyi, makiyi n'kumalira kutuluka.

Khoma limene ankanenalo ndimalidziwa. Lili pamwamba pa nsanjika yachiwiri, ndipo pansi pake pali simenti yokhayokha ndi ngalande ya madzi. Bambo amafikapo ndi makwerero awo aatali aja, olumikiza awiri.

Kuyambira pamenepo tinthu tina timene ndinkatiseka tinayamba kundibwerera. Tsiku lina bambo anaviika bulashi m'kapu ya tiyi, chitini cha palafini chili pambali pomwepo. Mlongo wanga wamng'ono, amene timamutchula kuti Wailesi chifukwa sazimitsidwa, analengeza nkhaniyi mpaka kwa oyandikana nawo, ndipo tonse tinaseka, bambonso anaseka. Tsiku lina anafunafuna tepi nyumba yonse ili m'dzanja lawo. Koma chimene sindinauze aliyense ndi cha mmawa wina, ndikusesa pakhonde. Anatuluka, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena mwaulemu kuti, "Achemwali, mwafika liti?" Achemwali awo anamwalira ine ndisanabadwe. Amati ndimafanana nawo. Kenako anaphethira, n'kuseka, n'kuti, "Kadontho, ukusesa ngati ukupepesa pansi." Ine ndinasankha kukhulupirira kuti inali nthabwala.

Madzulo a tsiku limene kunabwera a Makiyi ndinapita kwa mayi. Mayi ndi telala, makina awo amakhala pakhonde. Ndinawapeza akusoka yunifolomu ya mwana wa eni ake, mapini ali pakamwa. Ndinaima pambali pawo nthawi yaitali mpaka anachita kundifunsa.

"Ukufuna chiyani, waima ngati mtengo wa magetsi?"

"Mayi, chikwangwani chija cha a Makiyi chili ndi M mmodzi."

"Ndiye?"

"Amafunika awiri."

Analavulira mapini m'dzanja. "Ana asukulu inu! Mwangomaliza dzulodzuloli mwayamba kale kuchonga bambo anu? Si iwe wemwe unkanena kuti mawu amenewo ngakhale eni chinenero amawaphonya? Pita pamsewu ukawerenge, ukapeze amene analemba bwino."

"Koma bambo sa..."

"Bambo ako atopa. Munthu wakhala pa dzuwa ndi fungo la penti moyo wake wonse. Asalakwitseko? Tenga apa, ukandigulire zipi wakuda, wamtali."

Anayamba kupalasa makina mwamphamvu kuposa mmene amachitira. Ndikutembenuka ndinaona kuti ulusi wa pamwamba unali utaduka, singano ikungoboola nsalu popanda kusoka kanthu. Mayi amamva ulusi ukaduka ngakhale akucheza ndi munthu. Tsiku limenelo anapitiriza kupalasa.

Popita kogula zipi ndinachitadi zimene ananena. Ndinadutsa msewu wa kudepoti kumene kuli nyumba zambiri zogona alendo, ndikuwerenga. Pena panalembedwa ACOMODATION, alendo awiri atathamangitsidwa. Pena ACCOMADATION. Pa geti ina yachitsulo wolemba wake malo anamuthera, N womaliza anachita kumupachika pamwamba ngati katundu wa pa basi. Mayi sananame, msewu wonse unali wolakwitsa, ndipo anthu ankalowa n'kumagona bwinobwino. Ndinayamba kupepukidwa mumtima. Kenako pafupi ndi sitolo ya zipiyo ndinaona chikwangwani chakale, penti wake atasuluka, ngodya ina itadyedwa ndi dzimbiri. Ma C awiri, ma M awiri, zilembo zitadzaza malo onse kuyambira uku mpaka uko popanda chotsala. Pansi pakona panali kachizindikiro kamene bambo amaika pa ntchito zawo. Ndinaima pamenepo mpaka wanjinga wina anandikalipira kuti ndichoke pamsewu.

Lachisanu masana ndinalimba mtima. Mayi anali atapita kukapereka zovala, Wailesi ali kumpira. Bambo anali m'shedi akukonzekera za mawa lake, akusefa penti woyera pa kansalu. Thabwa lija linali pomwe paja. Ndinalowa n'kuyamba kupukuta mabulashi amene anali opukuta kale.

"Bambo."

"Ee."

"Duwali."

"Silokongola?"

Bambo anayang'ana penti akudontha pa kansalu. Kenako anaika chitini pansi, anapukuta manja, n'kukaima patsogolo pa thabwalo, atandifulatira.

"Ndinayeza zipinda khumi ndi zitatu," anatero motsitsa mawu. "Zala zinandiuza choncho. Ndinalemba, ndinalemba, kufika pa N, chipinda china chili chopanda munthu. Ndinabwerera poyambira kuwerenga, onse alipo. Ndinawerenganso, onse alipo. Ndinakhala apa mpaka penti anayamba kuuma pa bulashi. Ndikudziwa kuti pali mlendo amene sanafike, Kadontho. Koma nkhope yake sindikuikumbuka."

"Ndi a M."

"A M si awa?"

"Akazi awo."

Anayang'anitsitsa. Milomo yawo inkayenda, chala chikugunda chipinda chimodzichimodzi. Atafika pa M anaima. Ndinaona msana wawo ukugwa pang'onopang'ono ngati thumba limene akulikhuthula. Anakhala pa chitini chimene ndinkakhalapo ine kale.

"Ndiye unaona tsiku lomwe lija."

"Eya."

"A Makiyi atakufunsa unavomera."

"Ndinachita mantha."

"Unachita bwino." Anapukusa mutu. "Mawu amenewa ndawalemba kangati ine? Ndikanatha kuwalemba ndili m'tulo."

Ndinafuna kuwauza kuti aliyense amalakwitsa, kuti msewu wonse wa kudepoti ndi wolakwitsa. Koma iwo ndi amene anandiphunzitsa kuseka zikwangwani zimenezo, ndiye ndikanawatukwana.

"Si kokhaka," anapitiriza, akuyang'ana manja awo. "Mwezi wathawu, pa sitolo ya matayala paja, ndili pakati pa makwerero, chitini m'manja, zinangoti zii. Sindinadziwe ngati ndikukwera kapena ndikutsika. Sindinadziwe kuti khomalo ndi la ndani. Ndinangogwira zolimba n'kudikira. Zinabwerera zokha, ngati magetsi."

"Zikanapanda kubwerera?"

"Zinabwerera."

"Bambo, khoma la mawa ndi lalitali."

"Ndalikwera kambirimbiri. Iwe undilembere mawuwo pa kapepala, ndiika m'thumba, basi. Thabwali tikonza pambuyo." Anandiyang'ana tsopano. "Koma mayi ako asamve. Wamva? Ali ndi zawo zambiri. Ndiponso mmisiri zikangomveka kuti mutu wayamba kudontha, palibe amamuitananso. Adzayamba kundipatsa moni mokweza mawu ngati ndine wogontha. Ine sindinafike pamenepo. Izi ndi za ine ndi iwe, Kadontho. Eti?"

Mutu wanga umavomera msanga kuposa pakamwa panga. Ndinagwedeza.

Anandisisita pamutu ndi dzanja lonunkha palafini, n'kubwerera kosefa penti. Anayambanso kuimba kamluzu, koma kanali kongodukaduka.

Ndinawalembera kapepalako, zilembo zazikulu, ma M awiri nditawadula mzere kunsi. Ndikulemba ndinkadziuza kuti ndathandiza. Koma kapepala kamathandiza munthu amene waiwala chilembo. Nanga amene waiwala kuti ali pamwamba? Ndinkangoona simenti ija ndi ngalande. Ndinkaonanso nkhope yawo akunena kuti izi ndi za ine ndi iwe. Bambo sanandipemphepo kanthu chibadwire changa. Anthu ena onse amandipempha kuti ndilankhule, ndikweze mawu, ndiyang'ane anthu kumaso. Iwo okha ndi amene sankadandaula ndi kukhala chete kwanga, ndipo tsopano anali atandipempha chinthu chokhacho chimene ndimachitha bwino.

Loweruka mmawa tinamwa tiyi pakhonde. Bambo anali ovala kale ovolosi, akuseka ndi Wailesi amene ankapita nawo kukagwira makwerero. Wailesi ali ndi zaka zochepa, ndi woonda ngati ndodo ya tsache, ndipo sangathe kuima malo amodzi osayang'ana galimoto zodutsa.

"Ndikagwira ndi dzanja limodzi, linalo ndikudya mandasi a a Makiyi," ankadzitama.

"Ukagwira ndi pakamwa, ndi pamene pali mphamvu zako," anatero mayi.

Bambo anatulutsa makwerero n'kuwagoneka pabwalo kuti awamange pa kangolo kokankha. Anabweretsa zitini, ulusi, choko. Anagwira thumba la pachifuwa pamene panali kapepala kaja, n'kunditsinzinira diso limodzi.

"Mayi," ndinatero.

Palibe anamva. Wailesi anali akufotokoza za chigoli cha dzulo.

"Mayi."

"Ukung'ung'udza chiyani iwe? Lankhula ngati wadya."

Ndinaimirira. Sindikudziwa chifukwa chake, mwina ndinazolowera kuti kusukulu poyankha umaimirira. Ndinayang'ana makina osokera, chifukwa sindikanatha kuyang'ana munthu.

"Bambo asakwere. Amaiwala. Pa sitolo ya matayala anaiwala ali pamwamba, sanadziwe ngati akukwera kapena akutsika. Tsiku lina ananditchula kuti achemwali. Duwa lija anaika chifukwa sanakumbuke chilembo. Anandiuza kuti ndisanene."

Mawu anga anamveka achilendo, okwera kwambiri, ngati a munthu wina. Wailesi anatseka pakamwa. Bambo anali atawerama ndi chingwe m'manja, ndipo anakhala chowerama choncho.

"Mwanayu akulota," anatero osadzuka.

Mayi anaika kapu yawo pansi bwinobwino, anakonza nsalu yawo, anatsika pakhonde, n'kupita kukakhala pa makwerero aja pamene anagonekedwa. Anakhala pakati penipeni, manja ali pa maondo.

"Mayi a ana, tadzukani, ndichedwa."

"Mundinyamule ndi makwerero omwewa mukandikweze pa khomalo."

"Musachite zachibwana pamaso pa ana."

"Zachibwana?" anatero mayi. "Mumayesa tepi yanu imabwerera yokha m'thumba? Nsapato zanu ndinazipeza mu ndowa ya madzi akumwa, ndinaziumitsa kuseri kuti musaone. Tsiku lija munati munachedwa ndi kasitomala, wogulitsa makala anandiuza kuti anakupezani mutaima pamphambano mukufunsa njira ya kwanu. Ndakhala ndikutolera m'mbuyo mwanu ngati nkhuku, ndikudziuza kuti ndi kutopa. Koma za pamwambazi sindinazidziwe. Zimenezo ndiye ayi."

Bambo anawongoka pang'onopang'ono. Anayang'ana mayi, anayang'ana Wailesi amene anali atayamba kulira mosatulutsa mawu, chinthu chimene sindinkadziwa kuti amatha. Kenako anayang'ana ine.

"Ndiye nonse mumangondionerera," anatero. Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanakalipa. "Iwe ndiye ndinakudalira."

Analowa m'nyumba. Tinamva chitseko cha kuchipinda chikutsekedwa, osati momenyetsa, mwaulemu basi. Mayi anakhalabe pa makwerero kwa kanthawi, kenako anatuma Wailesi kuti akauze a Makiyi kuti amisiri sadzuka bwino, ntchito idikire. "Ukanene zokhazo. Ukawonjezera ndikusoka milomo." Atatero analowa kuchipinda kuja. Ndinamva mawu awo apansipansi kwa nthawi yaitali, a mayi okhaokha. Ine ndinatsuka makapu, kenako ndinawatsukanso.

Dzuwa litakwera anatuluka onse awiri. Bambo anali atavula ovolosi, atavala malaya awo oyera opitira kokaona odwala, atamanga mabatani mpaka pakhosi. Mayi ananyamula kachikwama ndi ambulera. Anandiuza kuti akupita kuchipatala, ndiphike, ndisatsegulire aliyense nkhani.

Bambo sanapite kugeti mwachindunji. Anakhotera kushedi. Ndinawatsatira chapatali n'kuima pakhomo. Anali patsogolo pa thabwa lija, manja kumbuyo, ngati munthu woyendera ntchito ya wina.

"Muyeso unali bwino," anatero, osatembenuka.

"Eya."

"Unati wina ndi wa muyeso. Ameneyo ndiye alipo. Winayo unati ndi wa chiyani?"

"Wa pamodzi."

Panja mayi anaitana kuti dzuwa likukula. Bambo anatulutsa kapepala kaja m'thumba la malaya oyera, kutanthauza kuti anakasamutsa povula ovolosi. Anakayang'ana, n'kukaika pamwamba pa chitini.

"Upale duwalo ndi sandipepa. Kuyambira pa O wachiwiriyu, onse asunthe chipinda chimodzi. Upake wabuluu kawiri, udikire aume, usathamange. Mizere ya choko ilipo kale, usayezenso."

Anadutsa pambali panga pakhomo, phewa lawo litatsala pang'ono kundikhudza, osandiyang'ana. Ndinamva geti ikutsekedwa.

Ndinagoneka thabwa pa tebulo n'kuyamba kupala. Penti wofiira ndi wouma mutu, amalowerera, ndipo fumbi lake linandidetsa zala ngati ndadzicheka. Makwerero anali pabwalo pomwe paja, chingwe chili pambali. Ndikaleka kupala n'kuwayang'ana, mtima unkakhala pansi pang'ono, chifukwa anali chigonere ndipo bambo anali pansi, akuyenda ndi miyendo yawo pafupi ndi mayi. Koma ndikayambanso kupala, chinthu china chinkandibwerera. Chiyambire pamene ndinalankhula paja, sananditchule kuti Kadontho. Anati mwanayu, anati iwe. Pa malangizo onse aja a sandipepa ndi penti, dzina langa silinatuluke, pamene kale sankatha kundituma ngakhale madzi osalitchula.

Ndikufuna kukhulupirira kuti akwiya. Ndakhala ndikupempha mumtima kuti akhale atakwiya kwambiri, akwiye mwezi wonse ngati akufuna, asandilankhule, adye atandifulatira. Munthu wokwiya amadziwa amene wamukwiyira.

Duwa linachoka, ndi zilembo zisanu ndi ziwiri zija. Ndapaka wabuluu koyamba, ndikudikira aume. Chipinda cha M wachiwiri chili apa, chopanda kanthu, ndipo sindinalembepo chilembo chachikulu ndekha. Nthawi iliyonse geti ikalira ndikumadzuka, bulashi ili m'manja, kumvetsera kuti andiitana bwanji.